Sabata Imene Tinafula Kansala

Lolemba

Komiti ya ukwati yandipatsa kavalo.

Ena apatsidwa mipando, ena nkhuku, a Dikoni pemphero lotsegulira. Ine kavalo. Chifukwa chake akuti: "Ndimwe munapita ku yunivesiti, ba malume." Inde ndinapitako, koma ndinakaphunzira mbiri yakale. Akavalo onse amene ndinakumana nawo kumeneko anali m'mabuku, ndipo anali atafa kale pa nkhondo za eni ake.

Nkhani ili motere. Taonga, mwana wa mlongo wanga, akukwatiwa Loweruka. Waona pa foni mkwati akufika pa kavalo woyera, anthu akuwaza maluwa. Akuti keke ichepe, tenti ibooke, zilibe kanthu, bola Mulenga wake afike pa kavalo. Bambo ake anatisiya iye akadali ku pulayimale, ndipo chikhalire mwanayu sanandipemphepo ngakhale nsapato. Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, pamaso pa komiti yonse: "Mwana wa mlongo wanga sapempha kawiri." M'manja! Nthungululu!

Kavaloyo alipo. Ndi wa ba Zulu, msuweni wathu woumba mabuloko kumapeto kwa kompaundi ya Kanyama. Anapatsidwa pamene famu imene ankalonda ku Makeni inatsekedwa. Dzina lake Kansala, ngati wa ndale uja, chifukwa amakudziwa pokhapokha uli ndi chakudya m'manja.

Lero ndakamuona. Zimene ndapeza:

- Si woyera. Mtundu wake ndi wa msewu wa Kanyama mvula itangokata.
- Amaluma.
- Amaponya mateche.
- Akamva bulu wa ngolo akulira patali, amaimirira ndi miyendo iwiri n'kuyankha, kompaundi yonse n'kudziwa maganizo ake.

Mulenga wabwera kudzadziwana naye. Mnyamata wa ku Kitwe, Mbemba waulemu, amakonza makompyuta, nyama yaikulu imene anagwirapo ndi mphaka. Wapereka kaloti. Kansala walandira kaloti, kenako walandira thumba la jekete.

Ba Zulu sakudandaula. "Ni umuna chabe wamuvuta uyu. Mukamufula azankhala monga nkhosa."

Dongosolo langa, labwino ngati la boma: mawa kufula, Lachitatu kupuma, Lachinayi Mulenga aphunzire kukwera, Lachisanu kusambitsa, Loweruka ulemerero.

Lachiwiri

Ba Sakala afika m'mawa. Ndiwo amafula nkhumba kuyambira Kanyama mpaka Chawama, ndipo akuti akangotsokomola pa geti nkhumba zamphongo zimakhala pansi zokha. Zida zawo zili m'pulasitiki ya buledi:

- lezala ("Ni yanyuwani, nameta nayo kamodzi chabe")
- mchere
- oyilo wakuda wa mu injini, wopaka pachilonda
- chingwe

Ndikuwafunsa za ululu. Akundiyang'ana ngati ndafunsa kuti nkhumba imapemphera mpingo uti.

"Kubaba ndiye mankhwala, ba malume. Nyama ikamvela kubaba ndiye iziba ati inalakwa. Mukachita mwakachetechete izaphunzila bwanji ulemu?"

Amuna onse agwedeza mitu. Chiphunzitso chimenechi ndikuchidziwa. Ndi chomwe aphunzitsi athu a masamu ankatiphunzitsa nacho, ndipo mpaka lero masamu sindiwadziwa.

Oumba mabuloko a ba Zulu asiya ntchito kuti agwetse kavalo. Chingwe m'miyendo, chingwe m'khosi. Ine andipatsa mchere kuti ndigwire. Digiri yonse ija, mchere.

Kansala sanakhudzidwe n'komwe koma akunjenjemera thupi lonse. Thukuta m'khosi, maso oyera okhaokha. Sindikumukonda, anandiponda phazi dzulo, koma ndikuyang'ana lezala, ndikuyang'ana pamene likupita, ndipo mchere ukundilemera m'manja.

Ba Zulu alamula: "Donsani!"

Adonsa. Kansala naye adonsa.

Zotsatira: amuna akokedwa chafufumimba kudutsa pa mabuloko aawisi oumbidwa dzulo, mzere wonse wasanduka phala. Ba Zulu agwera m'dramu la madzi. Ba Sakala ali pa denga la chimbudzi, palibe amene waona mmene akwerera.

"Iyi si nyama, ni lole!" akutero ali kumwambako. Atsika, atenga pulasitiki yawo, akuti ali ndi maliro ku Misisi.

Ndikunamizira kukhumudwa pamodzi ndi anzanga. Mumtima kwaya ikuimba.

Tsiku limodzi latayika. Palibe kanthu, Lachitatu linali lopuma, tidya limenelo.

Lachitatu

Amuna agamula kuti vuto la dzulo linali lakuti kavalo anali maso. Ndiye pabadwa komiti yaing'ono yoona zogoneka kavalo, yadzisankha yokha, ikukumana pansi pa mtengo wa mango. Maganizo amene aperekedwa:

- kachasu wosakaniza ndi gaga
- mapanado osinja, "pakete yonse, ni mukulu"
- kumuphimba kumutu ndi bulangete kuti aziyesa ndi usiku
- a Dikoni amuike manja (a Dikoni akuti aika ali kunja kwa mpanda)

Kachasu wapambana mavoti. Ba Zulu athira m'beseni la gaga. Kansala anunkhiza, akweza mlomo wam'mwamba ngati wamva bodza, agubuduza beseni ndi mphuno. Khalidwe lake laposa la komiti.

Kachasu wotsala, akuti, ayenera kuyesedwa ngati ali ndi mphamvu. Ali nayo. Dzuwa lisanafike pamutu komiti yonse yachita dzanzi, ungathe kuwafula onse osamva dandaulo. Kavalo yekha ndiye ali bwinobwino, akuwayang'ana pamwamba pa mpanda.

Ndafika kunyumba nditanunkha gaga. Mkazi wanga sakweza n'komwe maso pa ndiwo zimene akusadzula: "Kodi madokotala a ziweto anatha m'dziko muno?" Ali naye mmodzi mu kwaya ya kutchalitchi, Dokota Mwale, amaimba alito.

Ndaimba foni. Ndafotokoza zonse, kupatula za mchere. Mawu awo ndi ofatsa, koma ndaima chilili ngati ndili kwa ahedi.

"Musamupatse chilichonse. Musamudule. Amene ali ndi lezala mumulande."

Abwera mawa. Akufuna malo osesa bwino, owaza madzi kuti fumbi ligone, mthunzi, madzi owiritsa, sopo, ndi anthu ochepa.

Anthu ochepa! Mu Kanyama!

Madzulo foni ya mlongo wanga, amake Taonga: "Achimwene, Abemba onse a ku Kitwe amva kale za kavalo. Basi yawo ifika Lachisanu. Musatichititse manyazi." Ndikumvetsa mantha ake. Abemba ndi anzathu a chimbuya, mwambo umawalola kutiseka mmene angafunire, ife a kum'mawa timabwezera. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Akapeza nkhani yatsopano adzaitafuna mpaka pa maliro athu.

Dongosolo latsopano: mawa kufula, Lachisanu kukwera ndi kusambitsa pamodzi, Loweruka ulemerero. Zikadali zotheka.

Lachinayi

Anthu ochepa aja afika: oumba mabuloko, akazi awo, ogulitsa makala, ometa tsitsi a pa kona, bambo wina amene amangodutsa ndi wilibala. Ba Sakala nawo abwera, maliro aja atha msanga. Mulenga waima kumbuyo kwa onse, wavala malaya opanda matumba.

Dokota Mwale atsika m'kagalimoto ndi bokosi ndi magambutsi. Mayi wamfupi, wachichepere. Amuna akunong'ona kuti lole ija imumeza.

Sathamanga. Alankhula ndi Kansala ngati mwana wa mnansi, amusisita m'khosi, amvetsera mtima. Apapasa pansi mosamala, ataima pambali. "Machende onse awiri atsika, zili bwino." Akulu onse a Kanyama ayang'ana nsapato zawo.

Jekeseni woyamba m'mtsempha wa m'khosi, wowodzeretsa. Ine ndagwira chingwe cha kumutu, ndakwezedwa pa udindo. Posakhalitsa mutu wa Kansala utsika, utsikabe, miyendo itangadza, mlomo wam'munsi ulendewera ngati wa bambo wa ku tarveni pa tsiku la malipiro. Sagwa, waima, koma dziko sakulilabadira. Wina m'khamu: "Uyo mankhwala agulisa kuti?"

Jekeseni wina woletsa ululu ndi kutupa, akuti uyambe kugwira ntchito mpeni usanafike. Wina wa kafumbata. Kenako sopo ndi madzi, kutsuka, kutsukanso, kutsukanso, mpaka pamalopo payera kuposa mbale za kwathu.

Ba Zulu akuti basi dulani, wagona. Dokota akana. Kuwodzera si kusamva, akutero, woledzera ukamubaya amalumpha. Pamalo penipenipo payenera kuchita dzanzi.

Atulutsa jekeseni wa dzanzi. Abaya pakhungu pamene mpeni udutse, mbali iyi ndi iyo. Kenako, popanda kutichenjeza, alowetsa singano yonse m'kati mwenimweni mwa chende, n'kukankha mankhwala mpaka lafufuma.

Kanyama yonse yamphongo: "Yaaaba!"

Mawondo agundana paliponse. Wa wilibala wakhala mu wilibala yake. Ba Zulu, amene dzana amalamula kuti donsani, atsetsereka pa khoma pang'onopang'ono mpaka pansi, akazi awo akuwapepesa ndi chitenje uku akuseka. Mulenga sindikumuona. Amene sanagwedezeke pabwalo lonse ndi azimayi ndi mwini katunduyo.

Chende lachiwirinso chimodzimodzi. Kenako kudikira kuti mankhwala akwere mpaka ku mtsempha. Dokota akuyang'ana wotchi, ife tikuyang'ana kumwamba.

Ba Sakala sapirira: "Manje azaziba bwanji ati bamulanga?"

"Sitikumulanga, atate. Tikumuchita opaleshoni."

Atsina khungu ndi kachitsulo. Kansala zii. Atsinanso mwamphamvu. Zii. Ndipo mpeni.

Zotsatirazo ndaziona ndi diso limodzi. Pali chitsulo ngati pulayala yaikulu, chimafinya mtsempha n'kudula nthawi imodzi kuti magazi asathamange. Chimalira ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Amachisiya chitaluma kanthawi ndithu. Phokoso limenelo ndidzafa nalo. Koma chingwe chili m'manja mwanga, ndipo ndikuchitira umboni: sichinakoke ngakhale pang'ono. Mutu wake wolemera uli pa phewa langa, akupuma mofatsa, dovu likutsikira m'malaya anga. Nyama yomweyi imene dzana imanjenjemera isanakhudzidwe.

Zatha. Sasoka, akuti chilonda chikhale chotsegula kuti madzi azituluka. Malangizo:

- Lero aime phee pamthunzi, asadye mpaka atagalamuka bwino.
- Magazi odontha pang'onopang'ono si vuto. Akayenda ngati pampopi, kapena pakalendewera chinthu, imbani foni pomwepo.
- Mankhwala a ululu m'kamwa tsiku lililonse, chifukwa dzanzi lija likutha lero lomwe.
- Kuyambira mawa madzulo azimuyendetsa, m'mawa ndi madzulo, kuti asatupe kwambiri.
- Ntchentche ndi adani. Oyilo wa injini ndi wa injini.

Ndiye ine, mwaulemu, akusamba m'manja: "Ndiye kuti Loweruka mkwati angathe kukwera?"

Aseka. Alito weniweni, kuchokera pansi pa mimba.

Palibe kukwera kwa masabata angapo. Ndipo ukali sutuluka ndi mpeni tsiku lomwelo, umuna umatsalira m'magazi, umazirala pang'onopang'ono. Komanso uyu ndi wamkulu kale, zina ndi chizolowezi chabe, mwina sadzasiya. "Anakuuzani ndani kuti Loweruka akhala nkhosa?"

Ndayang'ana ba Zulu. Akomokanso, mwadala.

Lachisanu

Kansala wagalamuka, akudya. Pamalopo patupa ngati mapeyala awiri, Dokota pa foni akuti n'zoyembekezeka. Mankhwala a ululu ali m'chubu, umalowetsa pakona pa mlomo n'kufinya. Theka lalowa mwa iye, theka lili pa ine. Phewa langa silikumva kuwawa kulikonse.

Tsopano Taonga.

Ndamupeza akuyesa diresi kwa amake. Ndayamba ndi mbiri ya akavalo m'mayiko osiyanasiyana. Wandidula: "Malume, kulibe kavalo, eti?" Salira mokweza. Wangokhala pa bedi ndi diresi lake loyera, misozi ikugwera pa manja. Bola akanandituka. Amake andituka m'malo mwake, mokwanira.

Komiti yaitanidwa mwadzidzidzi. Maganizo:

- bulu ("Timuvalike nsalu yoyela, pa vithunzi sivizaoneka")
- kubwereka kavalo wina ku mafamu (ayankha kuti akavalo awo salowa mu kompaundi, ngati kuti ife tawapempha kuti adzachite lendi)
- Kansala yemweyo

Ganizo lachitatuli ndi la ba Zulu, achira. Akuti kavalo akumwa mankhwala, samva kanthu, ndiye Mulenga akwere pang'ono chabe, kuchokera pa geti kufika pa tenti. "Mwaona mweka dzulo, sanakambe chilichonse." Mlongo wanga maso awala. Komiti yonse yatembenukira kwa ine.

Ndakana. Mankhwala abisa ululu, sanatseke chilonda. Ndanena kuti amene akufuna kuyesa ayambe wadulidwa yekha, timwetse mapanado, ndipo mawa atibereke kuchokera pa geti kufika pa tenti. Palibe wadzipereka. Mlongo wanga akuti ndasankha nyama m'malo mwa magazi anga. Watuluka, chitseko chatsala chikunjenjemera.

Ndakhala pakhonde, wapampando wopanda komiti.

Kenako pa geti: "Odi!" Ba shibukombe, nkhoswe ya kuchimuna, mdala wa suti yabulauni, atsika kumene basi ya ku Kitwe. Agwada mwa mwambo, aika pansi mbale ziwiri zovundikirana, zimene Abemba amatsegulira nazo pakamwa pa apongozi pakakhala nkhani yolemera. Ndati basi, ukwati watha.

Akuti atumidwa ndi mkwati. Mkwati sangalankhule yekha ndi malume a mkazi wake, n'kupanda ulemu. Mkwati akupempha, modzichepetsa, kuti chilichonse chimene banja ligamule, iye asakwezedwe pa chinthu chija. Sanagone chiyambire Lolemba. Amaopa kuuza Taonga. Wamva kuti ndakana, ndipo akuti ndilimbe, Mulungu andidalitse, mwana woyamba adzatchedwa dzina langa ngakhale atakhala mtsikana.

Ndalandira mbale ndi nkhope ya maliro, monga mwambo ufunira. Atangotuluka ndaseka mpaka mkazi wanga wabwera ndi madzi.

Madzulo ulendo woyamba ndi Kansala. Akuyenda motangadza ngati mdala wovala thalauza lonyowa, koma akuyenda. Pa msika mayi wina wa tomato wandikodola, wanong'ona: "Uja dokota, amachita chabe vinyama?" Mwamuna wake ali pambali, akusenda nzimbe, sakudziwa kanthu.

Loweruka

M'mamawa: chubu, kuyenda, kuthamangitsa ntchentche. Kenako suti.

Mkwati wafika pa Corolla yobwereka, maliboni mbali zonse, hutala kuchokera ku Matero. Watsika akumwetulira ngati munthu amene khoti lamumasula. Sindinaonepo mkwati wokonda galimoto chotero, wasisita denga lake asanapite kwa mkwatibwi.

Abemba sanachedwe. Mayi wina wa duku lalikulu, pa maikolofoni: "Mwe bena Chipata, kavalo ali kwi? Mbeba shapwa, mwalya na kavalo?" Akuti mbewa zatithera, tadya kavalo. Tenti yonse pansi ndi kuseka. Ndaimirira, ndayankha kuti kavalo tamubisa dala, tinamva kuti kukubwera anthu amene chilichonse chokhala ndi mchira amachiyesa nyani. Nthungululu za kwathu. Chigoli chimodzi chimodzi. Mlongo wanga waseka asanakumbuke kuti sakundilankhula.

Taonga sanandiyang'ane m'tchalitchi, sanandiyang'ane pa keke. Ndadya mpunga ngati mchenga.

Nthawi ya zithunzi wabwera yekha, wagwira diresi m'manja kuti lisakhudze fumbi. "Malume, Mulenga waniuza vonse. Na vamene ba Sakala benze kufuna kuchita na lezala." Wandiyang'ana koyamba lero. "Ali bwanji?"

Akufuna kukamuona. Ndiye gulu lonse la ukwati, operekeza, wojambula, ana a maluwa, mdipiti kudutsa Kanyama kupita ku mabuloko a ba Zulu. Kansala tamumangira chitenje chatsopano m'chiuno kubisa za kuchipatala. Palibe wokwera. Taonga waima kumutu kwake, Mulenga waima kumbali ya Taonga, kumbali kwenikweni, pafupi ndi geti. Ine ndagwira chingwe, akuti ndiwerame kuti ndisaoneke.

Wojambula: "Smailo!"

Kansala watambasula khosi mwaulemu, watenga maluwa a mkwatibwi, onse, akutafuna riboni ikulendewera.

Taonga wakuwa, kenako waseka, waseka mpaka zopaka m'maso zayenderera, watsamira pa phewa langa. "Ba malume imwe, na kavalo wanu!" Wanga tsopano.

Ndapuma koyamba sabata ino.

Lamulungu

Basi ya ku Kitwe yapita ndi nyimbo yatsopano yonena za ife. Idzaimbidwa pa ukwati uliwonse ndi maliro alionse mpaka ndidzaikidwe, mwinanso pa tsikulo.

Kutupa kwayamba kutsika. Chilonda n'choyera, akudya, akukodza bwino, ndipo ndafika pa msinkhu woti zimenezi ndi nkhani yabwino yoti ndiimbire munthu foni. Dokota akuti ndipitirize momwemo.

Kupitiriza ndi ine. Ba Zulu akuti msana chigwereni m'dramu. Oumba mabuloko akuumbanso mzere uja. Komiti inatha ndi mpunga. Kutchalitchi sindinapite, nthawi ya ulaliki ndinali pa msewu wa ku msika ndi chingwe m'manja, anthu ovala bwino akundipatsa moni: "Mwauka bwanji ba Dokota?" Bambo wina wanditsata ndi mbuzi. Ndamupatsa nambala ya alito.

Mlongo wanga watumiza nkhuku yotsala ndi uthenga woti pa ukwati wa mng'ono wake wa Taonga ndidzakhala wa mipando.

Taonga watumiza chithunzi pa foni. Iye akuseka kukamwa yasa, Mulenga waoneka theka, kavalo ali ndi riboni m'kamwa, ndipo pansi pa mimba yake, pakati pa miyendo, pali nkhope yanga. Akuti achikulitsa, achipachika pabalaza.

Sindinamupatse zimene anapempha. Wakwatiwabe, ndipo palibe amene wagona m'chipatala.

Dzuwa lapendeka. Chubu chili kuti?